MWANA AKASANKHA GITALA

Pali mafunso ena amene amafika pakhomo osaodira, ndipo kholo limayenera kuwayankha lisanakonzeke. Limodzi mwa mafunso otere ndi ili: mwana amene tamlera, amene tamlipirira sukulu ndi ndalama za khofi kapena za usipa, akadzaima pamaso pathu ndi kunena kuti iye afuna kukhala woimba, timuyankhe chiyani? Sakunena za kuimba m'kwaya tsiku Lamulungu, pakuti chimenecho palibe kholo limene lingakane. Akunena za kuimba monga ntchito yodyera, yopanda bwana, yopanda malipiro a pamwezi, iye yekha ndi gitala m'manja.

Ife a kuno ku Livingstonia funso limeneli limatilemera koposa anzathu a kwina. Kuyambira chaka cha 1894, pamene Dr Robert Laws adakhazikitsa mishoni pa phiri lino la Khondowe, njira ya mwana wanzeru yakhala imodzi yokha, ndiyo sukulu. Overtoun Institution idatulutsa aphunzitsi, alembi, akalipentala, othandiza madokotala ndi abusa amene adabalalika mpaka ku Tanganyika, ku Rhodesia ndi ku Joni. Chotero tidakula tikudziwa kuti ntchito ndi cholembera, choko kapena sowo. Gitala tinkamudziwira pa mowa, m'manja mwa anyamata amene atsikana athu tinkawachenjeza nawo.

Nyimbo zobwera ndi apaulendo

Komatu m'nyumba zomwezo zodana ndi gitala, nyimbo za gitala zinali kulira. Amuna a kwathu amene adapita ku migodi ya ku Joni, ku Wankie ndi ku Copperbelt ankabwerako ndi masutikesi ndi njinga, ndipo ena ankanyamulanso galamafoni pamodzi ndi mbale zake zakuda. Pambuyo pake idafika wailesi, ndipo kuyambira 1964 MBC idayamba kumveka m'nyumba za aphunzitsi ndi m'magolosale. Mwa nyimbo zonse zakunja zimene tidamva, za mtundu wa country ndizo zidakhazikika m'mitima ya akulu ndi ana omwe. Jim Reeves, amene adafa pa ngozi ya ndege mu Julaye 1964, mwezi womwe dziko lathu lidalandira ufulu, adapitirira kuimba m'nyumba zathu zaka makumi angapo mwini wake ali m'manda. Pambuyo pake tidazolowera Skeeter Davis, Charley Pride, Dolly Parton, Kenny Rogers ndi Don Williams, yemwe pofika ku Harare mu 1997 adapeza khamu la anthu odziwa nyimbo zake pamtima.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Nyimbo zimenezi sizithamanga, ndipo mau ake amamveka ngakhale kwa munthu wa Chingerezi cha Sitandade 5. Zimakamba za mayi, za mudzi umene munthu adausiya, za sitima yapamtunda, za ukwati wosokonekera, za imfa ndi chiyembekezo. Ambiri mwa eni ake adali ana a alimi osauka a kumwera kwa America. Ife okhala pakati pa mapiri a Nyika ndi nyanja, amene mudzi wathu uliwonse uli ndi matchona ake, tidazimva ngati zathu. Anyamata athu ankakhoma mabanjo ndi chitini cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga, namaimba madzulo m'mphepete mwa njira yopita ku Manchewe, Chingerezi chake chopindikapindika koma mtima wonse uli momwemo.

Koma wailesi imatipatsa mau okha. Njira imene woimbayo adayenda kuti mauwo atifike siiulutsa. Mwana wathu akamati afuna kuimba, wamva mauwo, koma njirayo sadaione. Nkoyenera tsono kuti tiiyang'ane pamodzi, ife ndi iye.

Njira ya eni nyimbozo

Tiyambe ndi Loretta Lynn, mwana wa munthu wokumba malasha ku Kentucky. Ife amene tidaona amuna akutuluka akuda bii m'migodi ya Mchenga ndi Kaziwiziwi tingathe kuganizira nyumba imene adakuliramo. Adakwatiwa ali wamng'ono, nabereka ana anayi asanayambe kuimba poyera. Mu 1960 kakampani kena kakang'ono kotchedwa Zero Records kadamjambula mbale yake yoyamba, koma kadalibe mphamvu yoifalitsa. Iye ndi mwamuna wake adakwera galimoto nayendera nyumba za wailesi imodziimodzi, kupempha oulutsa kuti ayese kuiliza, ndipo usiku wina ankagona m'galimoto momwemo. Umo ndi m'mene mau aja adatulukira m'mapiri.

Willie Nelson, amene pambuyo pake adatchuka padziko lonse, adayamba ali wopeka nyimbo wosauka ku Texas. Atasowa chodyetsa ana, adagulitsa nyimbo yake yotchedwa Family Bible pa madola 50 okha. Nyimboyo idaimbidwa ndi munthu wina mu 1960, idakondedwa kwambiri, koma pa mbale ija dzina la Nelson padalibe. Njala ya tsiku limodzi idamdyera phindu la zaka zambiri.

Dolly Parton, wachinayi mwa ana 12 a m'kanyumba ka m'mapiri a ku Tennessee, adapita ku Nashville mu 1964 atangomaliza sukulu. Kuyambira 1967 adaimba pansi pa Porter Wagoner, mpaka mu 1974 pamene adaganiza zoima payekha. Nyimbo yake yotsanzika nayo, I Will Always Love You, idakomera Elvis Presley, amene adafuna kuiimba. Koma woyendetsa ntchito za Presley, Colonel Tom Parker, adati zitheka pokhapokha Parton apereke theka la umwini wa nyimboyo. Mtsikanayo adakana, ngakhale mtima udamuwawa. Patapita zaka 18, mu 1992, Whitney Houston adaiimba nimveka dziko lonse lapansi, ndipo gawo la wopeka lidapita kwa mwini wake. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Anthu atatuwa adali ndi luso lofanana kukula kwake. Chimene tikuona pa iwo ndi chakuti woimba wodziimira payekha amasenza ntchito zitatu pamutu umodzi: kupeka, kuyenda ndi katundu wake kukamgulitsa, ndi kulondera umwini wake kuti asalandidwe.

Mwana wa ku Mlowe

Wina adzati, "Zimenezo nza ku America, kuno nkwina." Tsono titsike phiri tipite kunyanja, ku Mlowe, m'boma lathu lomwe lino la Rumphi, kumene kudachokera makolo a malemu a Wambali Mkandawire. Iwo sadaimbe country. Maimbidwe awo anthu adawaika m'gulu la jazz. Koma mwa ana onse a dera lino, palibe wina amene adayenda njira ya woimba wodziimira payekha kuyambira poyamba mpaka pothera monga iwo.

Adabadwira ku Congo mu 1952, ali mwana wa paulendo monga ambiri a ife. M'makutu mwawo mudalowa nyimbo za ku Congo, za ku Joni zobwera ndi a kumigodi, za azungu za pa wailesi, ndi ng'oma za kwawo kunyanja. Atafuna kukhala woimba, agogo awo sadakondwere nazo, popeza mwanayo adali pa sukulu. Tikuona kuti funso lathu lija lidafikanso pakhomo pawo. M'zaka za m'ma 1970 adapezeka ku Blantyre akutsogolera nyimbo m'gulu la Pentagon, limene lidayamba ndi nyimbo za azungu, kenaka nkumayesa kuzisakaniza ndi zakwathu. Gululo lidatha chifukwa chosowa ndalama. Imeneyo idali ngodya yoyamba.

Chakumapeto kwa zaka zomwezo a Wambali adatembenuka mtima, ndipo moyo wawo udalowera kwina. Adalowa m'gulu la New Song la bungwe la Youth for Christ, nayenda nalo m'matchalitchi ndi m'masukulu a kuno ndi maiko oyandikana nafe. Adagwira ntchito pakati pa achinyamata ku South Africa pa nthawi yowawa ya tsankho, ndipo mu 1988 adajambula chimbale chawo choyamba ku Cape Town, ali ndi zaka 36. Adaimbanso ndi gulu la Friends First, la anthu akuda ndi oyera pamodzi, chinthu chimene boma la kumeneko silinkakondwera nacho. Mu 1989 adapita ku Britain kukaphunzira, ndipo adajambula nyimbo zina ku Glasgow, m'dziko lomwe lija la Scotland kumene kudachokera amishoni amene adamanga phiri lino.

Munthu akadayesa kuti pobwerera kwawo ndi maphunziro ndi zimbale m'manja, njira idzakhala yosalala. Sizidatero ai. Pa 6 Epulo 1992 a Chakufwa Chihana, mwana winanso wa ku Rumphi, adamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe chifukwa chofuna ndale za zipani zambiri. A Wambali adali m'gulu la anthu amene adaima poyera kupempha kuti amasulidwe. Nyimbo zawo zidayamba kuonedwa ngati za otsutsa boma, ndipo masiku amenewo dziko lonse lidali ndi nyumba ya wailesi imodzi yokha. Woimba amene wailesiyo yamfulatira adali ngati mlimi wokolola bwino koma msika watsekedwa. Zidatsatira zaka zachete, zimene adakhala akugwira ntchito zina kuti apeze chakudya, nayambitsanso kabungwe kawo kofalitsa za luso kotchedwa Kajimete.

Aliyense amene adakwerapo msewu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba akudziwa kuti pa ngodya zake 20 zija pali malo ambiri pamene galimoto imaoneka ngati yatembenuka kubwerera kunyanja, chonsecho ikukwerabe. Mu 2002 chidatuluka chimbale cha Zani Muwone, ndiye kuti bwerani mudzaone, chokonzedwa pamodzi ndi JB Arthur wa ku South Africa. Pamenepo ndi pamene Amalawi ambiri adatsekula makutu. A Wambali adaimba pa chikondwerero cha North Sea Jazz Festival ku Cape Town, dzina lawo lidalowa pa mpikisano wa KORA, ndipo bungwe la dziko lonse loona za umwini wa luso, WIPO, lidawapatsa mphotho. Apo nkuti ali ndi zaka 50. Chidatsatira chimbale cha Moto mu 2007, Liberty mu 2011 ndi Calabrash Breath mu 2015. Adatisiya pa 31 Januwale 2021 ndi matenda a Covid-19.

Tiwerenge bwino zakazo. Kuchokera pa gulu la Pentagon kufika pa Zani Muwone padapita zaka zoposa makumi awiri. Mwana amene akuti afuna kuimba adziwe kuti ulendo umene akuupempha ungathe kutalika chotero.

Chimene adanyamula kumudzi

Nanga nchiyani chidaimitsa anthu a ku Cape Town kuti amvetsere munthu wa ku Mlowe? Oimba Chingerezi chabwino adali nawo ambiri, odziwa zipangizo adali nawo ochuluka. Chimene adalibe ndi Chitumbuka cha a Wambali, kayendedwe ka ng'oma za kumpoto kuno, ndi mau aja otuluka pansi pa chifuwa monga amaimbira akulu pa maliro ndi pa ukwati. Adayenda maiko ambiri, koma katundu amene adagulika ndi yemwe adamtenga pakhomo.

Ichi sichachilendo kwa ife. Pamene mishoni idali yatsopano, m'matchalitchi munkaimbidwa nyimbo za ku Scotland zotembenuzidwa. Koma Donald Fraser ku Loudon, kumene tsopano timati Embangweni, adalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo pa maimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka, ndipo pa misonkhano ikuluikulu pankakhala mpikisano wa nyimbo zatsopano. Anthu monga a Mawelera Tembo ndi a Peter Thole adatisiyira nyimbo zimene zidalowa m'buku la Sumu za Ukhristu. Tonse tikudziwa kusiyana kwa mpingo pamene ukuimba nyimbo yobwereka ndi pamene wayamba imodzi mwa zimenezi: misana imawongoka, ndipo agogo amene adali kusinza amadzuka.

Oimba country aja adachitanso chimodzimodzi. Loretta Lynn adaimba za malasha a kwawo, Dolly Parton za mapiri a kwawo ndi za umphawi wa mayi wake. Tidawakonda chifukwa sadabise kumene adachokera. Chotero mnyamata wa ku Khondowe amene avala chipewa chachikulu ndi kumaimba za Texas, kumene sadapondeko, watola chikopa chokha nasiya nyama. Akadzaimba za basi ya usiku yopita ku Joni, za mayi wokwera phiri ndi dengu la nsomba pamutu, za khofi wogwa mtengo, pamenepo adzakhala ataphunzira chimene aphunzitsi akewo ankachita.

Tisabise mbali inayo

Sitingakhale oona mtima tikangotchula amene adafika pamwamba. A Allan Namoko a ku Thyolo, woimba wosaona wa gulu la Chimvu River Jazz Band, adaliza banjo imene idamveka pa wailesi m'dziko lonse ndi kunja komwe, koma adamwalira mu 1995 ali mmphawi. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, adaimba zaka makumi ambiri osaona phindu lenileni. Adakaimba ku Library of Congress ku Washington mu 2016 ali ndi zaka zoposa 85, ndipo mbadwo watsopano udawazindikira bwino mu 2020 ataimba pamodzi ndi Patience Namadingo. Pa aliyense wotchuka pali ambiri amene maina awo adathera m'malo omwera mowa. Mantha a makolo ali ndi pochokera.

Tikudziwa nyumba ina kuno kumene bambo adatenga banjo ya mwana wake naiponya pamoto. Mwanayo sadasiye kuimba, adangosiya kwawo. Adapita ku Mzuzu, nakaphunzira ntchitoyo kwa anthu amene sadamfunire zabwino, ndipo pa maliro a bambo wake adafika ngati mlendo. Tikudziwanso nyumba ina kumene makolo adagulitsa ng'ombe kuti mwana akajambule nyimbo, popanda wofunsa kuti makasetiwo adzagula ndani. Adatsalira m'katoni pansi pa bedi mpaka makaseti adatha ntchito. Nyumba yoyamba idataya mwana, yachiwiri idataya ng'ombe, ndipo zonse ziwiri zikadapulumuka pakadakhala kukhala pansi ndi kukambirana.

Tsono timuyankhe chiyani?

Ife tikuganiza kuti kholo likhale pansi ndi mwanayo, limvetsere nyimbo yake mpaka kumapeto, kenaka limuuze zinthu zinayi.

Choyamba, asataye sukulu kapena luso la manja. Charley Pride ankagwira ntchito yotentha pa fakitale yosungunula miyala ya mtovu ku Montana, namaimba madzulo, kufikira nyimbo zidayamba kumdyetsa. Woimba amene ali ndi podyera pena sakakamizika kugulitsa nyimbo yake pa mtengo wa ufa wa tsiku limodzi.

Chachiwiri, apeke zakezake, m'chinenero chimene amalota nacho. Akhale pansi ndi agogo ake asanapite, awafunse nyimbo za pamtondo, za m'bwato ndi za kumunda, pakuti chuma chimenecho sichipezeka pa intaneti.

Chachitatu, asunge umwini wa ntchito yake. Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loteteza opeka mu 1989, bungwe la COSOMA lidayamba ntchito mu 1992, ndipo lamulolo lidakonzedwanso mu 2016. Alembetse nyimbo zake, ndipo asasaine pepala lililonse asanalionetse kwa munthu wodziwa. Safunsa adadya phula. Lero mwana angathe kujambula nyimbo pa kompyuta m'kachipinda ku Mzuzu ndi kuitumiza kutali pa foni tsiku lomwelo, chinthu chimene a Namoko sadachilote. Koma kufulumira komweko ndi kumene nyimbo imachokera m'manja mwa mwini wake.

Chachinayi, adziwe kuti khomo la kwawo nlotsekula. Ntchito imeneyi imayendetsa munthu usiku, pakati pa mowa ndi anthu omutama ndi pakamwa pokha. Amene ali ndi kwawo kobwerera, kumene amamuitana ndi dzina lake la ubwana ndi kumdzudzula mwachikondi, sagwa msanga. Ndipo akagwa amadzuka.

Patsala mau amodzi, ndipo awa ndi a ife omvera. Pa ukwati timalipira ng'ombe, mpunga, nsalu ndi galimoto, koma mnyamata amene waimba kuyambira masana mpaka usiku timampatsa nsima ndi "yewo chomene". Nyimbo imene munthu waivutikira chaka chathunthu timaikopera pa foni kwaulere, kenaka nkumadabwa kuti oimba athu amafa ali amphawi. Ngati tikuopa kuti ana athu adzasauka ndi gitala, tiyambe ife kulipira ana a anzathu amene atiimbira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Sitikunena kuti mwana aliyense wogwira gitala adzakhala Wambali. Ambiri adzaimba zaka zochepa, nadzakhala aphunzitsi, alimi ndi anamwino okonda nyimbo, ndipo palibe chotayika pamenepo. Koma mwa iwo mudzapezeka mmodzi amene sangathe kukhala chete, ngakhale timletse chotani. Ameneyo adzatsika phiri ndithu. Chimene chili m'manja mwathu ndi chakuti atsike ndi kamba, ndi malangizo, ndi mdalitso wa makolo ake.